Masupuni Awiri a Ufa wa Chitedze

Ine Nachimuthu, mwana wa Karuppanna wa ku Sulur, sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma ndinaphunzitsapo makina amene lero akulondolera manja a madokotala a ubongo m'zipatala zinayi. Sekani, sindikuletsani. Anthu anandisekanso pamene ndinkakulunga waya wa mamota pansi pa mtengo wa bwemba, malaya amodzi omwewo chaka chonse, ndikunena kuti tsiku lina mapampu olembedwa dzina langa adzakoka madzi kunja kwa India. Pitani ku Oman mukaone. Ku Kenya akukoka, ku Vietnam akukoka, ndipo ku Peru ndinakaimika imodzi paphiri loti ukaseka mpweya umakuthera. Mapasipoti asanu ndadzaza. Pampu ikamalira ndimangogunditsa chitsulo pamimba pake, mbali inayo kukhutu, n'kukuuzani chimene chikuivuta musanaimasule. Mumzinda wonse uno wa Coimbatore khutu lotere ndi langa lokha.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankatekeseka nazo zonsezi. Rukkumani, mkazi wanga, anali mwana wa amalume anga, choncho anayamba kundinyoza ndisanamere ndevu, ndipo ukwati sunamuleketse. Ndikabwera kuulendo n'kuyamba kufotokozera alendo za chipale chofewa chimene chinandipeza ku Germany, iye ankalowa ndi khofi n'kunena kuti, "Imwani, asuweni, pakhosi panyowe. Mwezi watha chipalecho chinkafika m'mawondo, lero chafika m'khosi. Pofika Khirisimasi mukhala mutakwiririka."

M'mawa uliwonse kwa zaka makumi anayi Rukku ankasesa pakhomo, kuwaza madzi, n'kujambula kolamu ndi ufa wa mpunga. Ankadontheza timadontho, kenako mzere umodzi wozungulira timadontho tonse osaduka mpaka kubwerera poyambira. Antchito tinali nawo atatu, koma pakhomo sankalola wina.

Matenda a Pakinisoni anayambira pachala chachikulu cha dzanja lamanja. Zaka zoyamba mapilitsi ankagwira. Pofika chaka cha khumi ankagwira ola limodzi n'kumusiya, dzanja likugwedezeka ngati likupeta, miyendo itauma ngati matabwa. Mzere wa kolamu unayamba kuduka. Tsiku lina ndinamupeza ataima pakhomo, ufa utamwazika paliponse. Anati, "Nyerere zadya bwino lero." Kuchokera tsikulo pakhomo pathu panali pambalambanda ngati panyumba ya maliro.

Kuseri kwa zitini za khofi tinali ndi botolo la ufa wa nthanga za chitedze lochokera kwa sing'anga wa ku Pollachi. Mapilitsi akamusiya, ndinkamusungunulira masupuni awiri mumkaka, ndipo pakapita kanthawi thupi linkafewa. Nyumba iliyonse mumsewu mwathu ili ndi botolo lake kuseri kwa chinachake, ndipo palibe amene amauza dokotala. Umangodziwa kuti akukalipira, ndiye unenerenji?

Dokotala Idikula anali mayi wamfupi wa ku Kerala, woyankhula motsitsa. Woboola mutu anali dokotala wina. Ntchito ya Idikula inali yomvetsera ubongo n'kuuza mnzakeyo poti aimire.

"Pakatikati pa ubongo pali kachinthu kochepa ngati nyemba," anatero. "Matendawa akakagwira kamachita phokoso losalekeza, ndipo phokosolo ndi limene likugwedeza dzanja la amayi. Tikaikapo waya wa magetsi ochepa, kamatonthola. Vuto ndi kupeza malo enieni. Zithunzi zimatifikitsa pakhomo, koma chipinda chenicheni timachipeza ndi khutu. Timatsitsa kawaya kopyapyala ngati tsitsi, pang'onopang'ono, tikumvetsera, amayi ali maso."

"Mukumvetsera ngati pampu!" ndinafuula.

"Ngati mukufuna kutero. Kale tinkadalira khutu langa lokha. Pano tili ndi makina amene amvetsera ubongo wa odwala mazana asanu ndi limodzi. Pa wodwala aliyense tinawauza kuti apa ndiye pamalo, apa ayi. Tsopano akamva phokoso amatiuza okha pamene tafika."

"Mwawaona maso awo, adokotala?" anatero Rukku. "Mawa muwamva akuuza anthu kuti makinawo anapanga ndi iwo."

Dokotala anamwetulira, n'kutenga cholembera. "Amayi mukufuna chiyani kwenikweni ku opaleshoniyi?"

"Dzanja langa. Ndizijambula pakhomo, ndizidya ndekha. Zina zonse sungani."

"Kupatula mapilitsi athu, pali mankhwala achikuda amene mukumwa?"

Ndinayankha ndine. "Adokotala, ine ndadya ndi mainjiniya ku Stuttgart. Mukundiona ngati munthu wa zitsamba?"

Rukku anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Chabwino. Kuyambira madzulo a tsiku lotsogolera, asamwe mankhwala alionse. Avutika, ndikudziwa. Koma matendawa tikufuna tiwapeze akubangula. Akagona, makina alibe chomva."

Tsiku la opaleshoni ndinalowa m'chipinda chake cha kuchipatala dzuwa litatuluka. Zimene ndinaona sindinazionepo. Zala za kuphazi zinali zitapindikira pansi, phazi litakhotera mkati, thupi lonse gwa. Sankatha ngakhale kupukuta misozi imene inkalowa m'makutu. Ine ndimakonza zinthu. Chinthu chikalira pamaso panga, manja anga amayamba okha. Botolo linali m'chikwama changa.

"Adokotala aletsa," anatero movutikira.

"Aletsa mankhwala. Izi ndi nyemba, Rukku. Agogo athu ankadya."

"Asuweni..."

"Tamwa. Pofika nthawi ya opaleshoni zikhala zitatha."

Masupuni awiri m'madzi ochepa, hafu pasiti seveni. Pamene ankabwera kudzamutenga, phazi linali litawongoka, ndipo ankaseka ndi anamwino za mutu wake wometedwa. Ndinadzimva ngati mwamuna.

Pakhonde la chipatala panadzaza anthu anga. Ndinali nditaitana onse: alamu anga atatu ndi akazi awo, akapitawo a kufakitale, ndi anzanga asanu a m'bungwe la opanga mapampu. Ndinawagulira khofi ndi mavadai, timandasi tathu ta nyemba, n'kuyamba kuwafotokozera mmene makinawo amagwirira ntchito, ndikujambula ubongo papepala lokulungira zakudya. Cha m'ma teni koloko chitseko chinatseguka, Dokotala Idikula n'kutuluka, chophimba pakamwa chili m'khosi.

"Bambo Nachimuthu, amayi amwa chiyani m'mawa uno?"

Onse anatembenukira kwa ine.

"Kachinthu kaja takapeza," anapitiriza, "koma kali phee. Dzanja silikunjenjemera, mkono ndi wofewa, ndiye sitingayese kanthu. Makina akukana kuloza malo. Akuti phokoso ili likufanana ndi la munthu amene wamwa mankhwala. Amayi ndawafunsa, akuti sanamwe kanthu. Ngati pali chimene amwa, nenani. Tidikira maola atatu chichoke m'thupi, tipitirize. Palibe amene akukalipireni."

Maola atatu basi. Ndakhalapo maola khumi ndi anayi pabwalo la ndege ku Doha chifukwa cha kontena imodzi. Koma mlamu wanga wamkulu, amene anakana kuti mlongo wake akwatiwe ndi wokulunga mamota, anali atandiyang'anitsitsa, khofi ali m'manja. Pepala langa la ubongo linali pabondo panga.

"Palibe chimene amwa," ndinatero. Ndipo sindinalekere pomwepo. "Makina atsopano amatero, adokotala. Amachita manyazi. Ine ndimawadziwa."

Anzanga a m'bungwe anaseka. Dokotala sanaseke. Anandiyang'ana kanthawi, n'kubwerera mkati. Anthu awiri akuluakulu anali atamuuza chimodzimodzi, ndiye anakhulupirira anthu. Waya anauika potsatira zithunzi zokha.

Patapita milungu inayi tinapita kukayatsa kabokosi ka batire kamene anaika pansi pa khungu pachifuwa. Rukku anatambasula dzanja, likugwedezeka. Dokotala anakweza magetsi pang'ono. Palibe. Anakwezanso. Anakwezanso kachitatu, ndipo dzanja linaima, kuima kwenikweni, ngati la mtsikana amene ndinamukwatira. Ndinalumpha pampando.

"Rukku, taona! Tanena kanthu!"

Anatsegula pakamwa. Mlomo unakokekera kumbali, lilime linalemera, ndipo chimene chinatuluka chinali phala la mawu. Anayesanso. Ndinamva "asu" yekha.

Dokotala anatsitsa magetsi. Mawu anabwerera, ndipo dzanja linayambiranso.

Miyezi inayi anayesa njira zonse. Waya unali pafupi kwambiri ndi mitsempha ya lilime. Magetsi okwana kuimitsa dzanja ankamanga pakamwa. Pomaliza anatipatsa karimoti ka mabatani awiri, ndipo Rukku anawatcha mayina: ili ndi dzanja, ili ndi lilime.

Anasankha dzanja. Mkazi amene uja sakanalola kudyetsedwa ndi munthu ali ndi batani lodziletsera. M'mawa kolamu inabwerera pakhomo, mzere umodzi wosaduka, ndipo oyandikana nafe ankabwera kudzaona. Ine ndinkawalandira n'kumafotokoza za mamilimita. Iye ankalowa ndi khofi, osataya dontho ndi limodzi lomwe, n'kuika patebulo, n'kutuluka. Ndinkakokomeza nkhani dala, chipale ndinachifikitsa padenga, ndikuyang'ana kuchitseko. Palibe amene anandidula. Nyumba ikakhala chete ndinkaidzaza ndi mawu anga, kuopa kumva chetelo.

Mwezi wachisanu Dokotala Idikula anatiuza kuti, "Tikhoza kutsegulanso n'kusuntha waya. Koma ndisunthire kuti? Zimene tinajambula tsiku lija sizikumveka. Ndikadadziwa chimene chinasokoneza, bwenzi ndili ndi poyambira. Sindingatsegule mutu wa munthu kachiwiri mongoyerekeza."

Rukku anali pa batani la dzanja. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinayang'ana wotchi yanga. Mumtima ndinati ndinena ndikabwera ku chionetsero cha ku Dubai. Nditabwera ku Dubai kunali ukwati wa mwana wa kapitawo. Kenako kunali zina.

Mwezi wa khumi mtima wake unamugwetsa m'bafa. Anapulumuka, koma anamuika kachitsulo mumtsempha wa mtima ndi kumupatsa mankhwala oletsa magazi kuundana, oti asadumphe tsiku.

Chaka chitatha ndinapita ndekha kwa Dokotala Idikula kukatenga chingwe chatsopano chotchajira kabokosi kaja. Monga mwa chizolowezi changa ndinayamba kumuuza za khutu langa, mmene ndinamvera mng'alu m'pampu ya ku Mombasa ndili panja pa mpanda.

"Tiyeni tiliyese khutulo," anatero, mwina pofuna kuti nditonthole. Anandiveka zomvera m'makutu. "Uwu ndi ubongo wa bambo wina, pamalo penipeni."

Phokosolo linali ngati mvula yamphamvu padenga la malata, ndipo pansi pa mvulayo panali kugunda kobwerezabwereza, ngati pampu imene fani yake yapindika.

"Iyi ikudwala, ndipo ikunena yokha pamene ikudwalira," ndinatero.

"Nanga uwu?"

Mvula yomweyo, koma kugunda kuja kunali kutali, kophimbidwa. Ndinayankha ndisanaganize, monga ndimachitira kufakitale.

"Iyi ikudwalanso, koma wina waithira girisi wambiri kuti wogula asamve. Ameneyo ndi wakuba."

"Uwo ndi ubongo wa amayi akunyumba kwanu."

Ndinavula zomverazo pang'onopang'ono.

"Makina ananenanso zomwezo," anatero. "Ife tinalemba kuti analakwitsa. Tinawaphunzitsa kuti phokoso limeneli ndi la munthu amene sanamwe kanthu. Kuchokera pamenepo sachenjeza msanga ngati kale. Ndimaumvetsera kawirikawiri ubongo umenewu, bambo Nachimuthu. Ndimafuna kudziwa pamene ndinaphonya."

Mayi ameneyu anali atasenza chaka chonse katundu amene anali wanga.

"Ufa wa chitedze," ndinatero. "Masupuni awiri. Hafu pasiti seveni. Ndinasungunula ndine."

Sanandikalipire. Ndikadakonda akanandikalipira. Anatseka maso kanthawi, kenako anafunsa kukula kwa supuni, dzina la sing'anga, ndiponso ngati botolo lilipo. Ndinalibweretsa masana omwewo. Analiyeza, n'kupeza kuti masupuni awiri aja anali ndi mphamvu yoposa mapilitsi awiri.

Zotsatira zake ndi izi. Anakonza zimene analemba pa ubongo wa Rukku. Kenako anafufuza m'zojambula zakale zonse, n'kupeza zina zisanu ndi zinayi zomveka chimodzimodzi. Mabanjawo akafunsidwa ndi dokotala ankakana, ndiye ndinawayendera ndine, ku Tiruppur, ku Erode, mpaka ku Palakkad, kukhala pamkeka n'kuyamba ndi nkhani yanga. Asanu ndi awiri anatulutsa mabotolo awo. Makina anaphunzitsidwanso. Pano akamva girisi uja amaimitsa opaleshoni ngakhale banja lonse lilumbire pa ana awo, ndipo aphunzira kuloza malo ngakhale phokoso litaphimbidwa. Zipatala zinayi zikuwagwiritsa ntchito. Ndiye amene munaseka poyamba paja, mwamva.

Koma ndisadumphe. Makina atakonzedwa, dokotala anawapatsanso ubongo wa Rukku, ine ndili pomwepo. Pagalasi panatuluka kadontho kobiriwira, pambali pang'ono pa mzere woyera umene unali waya.

"Mamilimita awiri kumbuyo," anatero. "Pamenepo akanakhala ndi dzanja ndi lilime lomwe."

"Ndiye tsegulani! Mawa! Ngati pano simungathe ndipita naye ku Germany, ku America, ndege ndichita hayala."

"Kulikonse akakuuzani zomwezi. Kuti titsegule mutu, ayenera kusiya mankhwala a magazi aja. Akasiya, mtima wawo sufika Lachisanu. Ndayankhula kale ndi dokotala wa mtima." Analoza kadontho kaja. "Mwezi wachisanu uja ndikanatsegula."

Ndinafika kunyumba masana. Rukku anali pakhonde lamkati akusankha mpunga. Ndinakhala pansi, pasimenti, ine wa mapasipoti asanu, n'kumuuza zonse: ulendo wa kwa dokotala, mabanja aja amene ndinkanama kuti ndikupita kukaona makasitomala, kadontho kobiriwira, mamilimita awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika lichero pambali, n'kutulutsa karimoti m'mphepete mwa sari yake, n'kudina lilime. Tinadikira. Chala chachikulu chinayamba, kenako dzanja lonse. Analigwira ndi linzake.

"Mwanena?"

"Ndanena."

"Tsiku loyambalo, pamaso pa anthu angati?"

"Dokotala yekha."

"Ndithu mwakalamba, asuweni. Inu kuchita chinthu popanda oonerera?"

Ndinaseka, ndipo kusekako kunasanduka china. Anandileka mpaka nditamaliza.

"Iwe bwanji sunanene, Rukku? Anakufunsa poyamba ndiwe."

"Mutu anali atandikhomera pachitsulo, chibade chili chotsegula, ndikumva fungo la fupa langa lomwe. Koma ndinkadziwa kuti pakhonde mwadzaza achimwene anga. Ndinati ndikanena ine, ndamuvula mwamuna wanga pamaso pa alamu ake. Ndinati akafunsidwa yekha anena. Munthu amene anakalipira nduna pamsonkhano angaope supuni?"

"Nanga miyezi yonseyi? Batani linali m'manja mwako."

"Ndinkadikira kuti ndione tsiku lake. Inenso ndine wa mtundu wanu womwewo, musaiwale. Mwano ndi umodzi." Dzanja linagunda lichero, mpunga n'kumwazika. Sanauyang'ane. "Koma ine ndinanama kamodzi kokha pamoyo wanga, ndipo ndinanamira inu. Muli nane ngongole."

"Nena. Chilichonse. Ndimanga chipinda cha odwala m'dzina lako, ndi—"

"Ndi chimenecho. Pakamwapo. Tsiku lililonse folo koloko ndizizimitsa batani la dzanja ola limodzi. Ola limenelo inu chete. Foni m'kabati. Osathandiza, osakonza, osandimalizira mawu. Mukatsokomola tiyambiranso."

"Mpaka liti?"

"Mwayamba kale kuphwanya."

Tinayamba tsiku lomwelo. Ulendo wa ku Jakarta ndinatumiza kapitawo, ndipo pasipoti yachisanu ndi chimodzi ili m'kabati ndi masamba ake oyera. Folo koloko ikakwana ndinkakhala pasimenti, iye pampando wake wa nsungwi, dzanja likugunda pabondo, mawu ake aang'ono koma omveka. Ndinkayembekezera kuti azindiimba mlandu. Za ufa uja sanazitchulenso. Ankanena za mphunzitsi wa masamu amene anamuuza kuti apite ku koleji, bambo ake, amalume anga aja, n'kukana. Ankanena za mwana wathu woyamba amene anamwalira ali ndi masiku asanu ndi anayi, ine ndili ku Muscat, ndi nyimbo imene anamuimbira. Anandiuza kuti sanaikondepo nyumba yaikuluyi, ankakonda kachipinda ka lendi ka ku Sulur kamene ndinkachita nako manyazi. Tsiku lina anathera ola lonse akutsanzira mmene ndimayankhulira ndi azungu pafoni, ndipo ndinaluma malaya kuti kuseka kusawerengedwe ngati mawu. Ndinakhala naye zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo zambiri mwa zimenezi ndinkazimva koyamba.

Mtima unkafooka. Miyezi yomaliza ankapuma pakati pa mawu, ndipo nthawi zina theka la ola linkatha ali chete, dzanja lokha likugunda. Chetelo linalinso lake, sindinalilowerere.

Anamwalira Lachitatu m'mawa. Lolemba la sabata yomweyo, ola lisanathe, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Basi, asuweni. Yatha. Mwalipira yonse. Yankhulani."

Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Onse pamodzi anali maola mazana atatu kudza khumi ndi limodzi, osadumpha tsiku.